A Musakhudze ndi Choimira cha M'pulasitiki

Dzina lawo lenileni lilipo, koma pasukulupo panalibe wolitchula. Aphunzitsi anzawo, mlonda wa pageti, amayi okolopa, ngakhale tiana ta kumkaka tomwe mamina anali asanaume, onse ankangoti a Musakhudze. Eni ake dzinalo silinkawawawa. Ankalilandira ndi manja awiri, monga mmene ena amanyadira akatchedwa bwana.

Khalidwelo anabadwa nalo. Achemwali awo amasimba kuti a Musakhudze ali mnyamata, bambo awo anawagulira nsapato zakuda zoti azivala kusukulu. Mnyamatayo anazipukuta, n'kuzibwezera m'katoni, katoniyo n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Kusukulu ankapitabe chosavala, zidendene zili ming'alu yokhayokha, ndipo akafunsidwa ankati akudikira tsiku loyenera. Tsikulo linafikadi, pa ukwati wa achemwali omwewo, koma phazi linakana kulowa. Munthu wina akanatolapo phunziro. Iwonso anatolapo lawo: nsapato yosavala siitha. Mpaka lero nsapatozo zilipo, ndipo mlendo akakhalitsa amamutulutsira kuti aone kuwala kwake.

Kunyumba kwawo kunali chimodzimodzi. Sofa anagula chaka chomwe anakwatira, koma pulasitiki yake ya kusitolo ikadali pomwepo, moti ukakhalapo kukutentha umadzuka ndi phokoso lochititsa manyazi. Matambula a galasi anali m'kabati yokiya, banja likumwera m'makapu osweka milomo. Rimoti ya TV inkakhala m'kajumbo. Akazi awo, telala wosokera pakhonde la sitolo ina, anadandaula zaka zoyambirira mpaka pakamwa kuuma, kenako anangozolowera. Yankho linali lomwelomwelo: "Ndidyeretu, chire anasowa mbewu."

Ntchito yawo yoyamba inali m'sitolo yogulitsa mipando ndi makama, ndipo kumeneko, tinene chilungamo, anali pamalo pake. Wogula akafuna kuyesa mpando, a Musakhudze ankangotulukira ngati aphuka pansi: "Pepani, musakhalepo, muone ndi maso." Ena ankatuluka osagula, akung'ung'udza. Koma mipando inkatsala yoyera, ndipo kwa iwo limenelo linali tsiku labwino.

Ana awo akuluakulu atakula n'kubalalika, kunabwera kamtsikana komaliza, komwe aliyense ankangokatchula kuti Mzime. Kubadwa kwake kunali kovuta. Anachedwa kulira, anachedwa kukhala pansi, ndipo anzake atayamba kuthamanga, iye miyendo inali youma, yopingasana ngati sizasi. Mutu wokha unali wakuthwa, pakamwa ngati wailesi. Kunena kuti bambo ake sankamukonda kungakhale kunama. Ankamukonda mmene ankakondera matambula aja: kumunyamula mosamala, kumuika pabwino, n'kuuza aliyense kuti asamugwedeze.

Tsiku lina m'sitolomo munalowa mayi wina wathupi, wa mafuta onunkhira omwe ankafika mwini wake asanafike, kudzafuna madesiki. Anali mwini sukulu ina ya pulaiveti, ndipo aliyense ankawatchula kuti Madamu. Akunenerera mtengo, akazi a Musakhudze anadutsa kudzatenga makiyi a kunyumba, Mzime ali kumbuyo. Madamu anamuyang'anitsitsa mwanayo.

"Wanu ameneyu?" anafunsa Madamu.

"Wanga, Madamu. Mzime wathu."

"Sayenda?"

"Sayenda."

Maso a Madamu anawala ngati atola chikwama panjira. "Ndiye inu zimenezi mumazidziwa bwino! Ine ndikutsegula chipinda cha ana olumala, koma ndikusowa munthu. Aphunzitsi ophunzira zimenezi amadzimva, amafuna malipiro a kumwamba. Inu muli naye kunyumba, pali sukulu ina yoposa pamenepo? Bwerani kwathu. Mwanayu aziphunzira ulere."

Umo ndi mmene wogulitsa makama anasandukira mphunzitsi wa ana olumala. Anawatumiza ku maphunziro a masiku ochepa ku hotela ina, komwe anadya bwino, n'kubwerako ndi satifiketi ndi kachingwe ka m'khosi. Satifiketiyo anaiika m'galasi, galasilo n'kulikuta ndi pulasitiki. Chomwe anaphunzirako chinali mawu basi. Sankanenanso kuti ana olumala. Ankati "ana a zosowa zapadera", chala chili m'mwamba, ndipo wina akanena mwachikale ankamukonza pagulu.

Sukuluyo inali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pageti panali chikwangwani chachikulu, mwana wa panjinga ya olumala akuseka mano onse ali pamtunda, pansi pake mawu akuti TIMALANDIRA MWANA ALIYENSE. Mwana wa pachithunziyo palibe anamuonapo pasukulupo. Panalidi kanjira kotsetsereka ka simenti kokwezera njinga za olumala, koma Madamu anaona kuti ndi pomwe dzuwa la m'mawa limafika bwino, ndiye anandandalikapo miphika ya maluwa. Makolo a ana olumala ankalipira kena kake kapamwamba, dzina lake chisamaliro chapadera. Ankalipira mosawiringula, poti sukulu zina zinkangowabweza pageti ndi mawu okoma.

Chipinda chapaderacho chinali kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi zimbudzi, momwe kale munkasungidwa matsache ndi ndowa. Anangochipaka penti wachikasu. Ana anali ochepa: kamnyamata kosamva, mtsikana wosaona, mnyamata wina yemwe sankatha kukhala malo amodzi, ndi Mzime. Katundu ndiye anali wambiri. Pa nkhani yopempha Madamu anali katswiri, ndipo anthu ena akufuna kwabwino a kunja anatumiza makatoni. Munali makina olembera zilembo za osaona, tizipangizo ta m'khutu tothandiza kumva, mipira, mabuku a zithunzi ndi makirayoni a mitundumitundu.

A Musakhudze ataona zonsezi anangoti Mulungu wandiyankha. Makina a osaona anawaphimba ndi kansalu koluka. Tizipangizo ta m'khutu anatichotsa mabatire kuti asathe, n'kutikiyira m'dirowa. Mipira anaisiya yosapopa, poti mpira wopopa umagubuduka, ndipo chogubuduka chimada. Makirayoni ankawatulutsa Lachisanu, kuwaonetsa ana, n'kuwabwezera nsonga zikadali zosongoka. Ana ankaswera pamkeka akuimba nyimbo imodzimodzi, wosamva uja akuyang'ana kudenga. Wina akatambasula dzanja, mawu ankamveka mpaka kuzimbudzi: "Musakhudze!"

Tsiku lina mtsikana wosaona uja, akufufuza ndi manja njira ya kuchitseko, anagunda makina aja. Zala zake zinayamba kuyenda pa mabatani ake, nkhope ikuwala. A Musakhudze analumpha pampando.

"Iwe, chotsa manja! Uone ndi maso!"

Amayi okolopa, omwe anali pakhomo, anagwetsa chikolopa ndi kuseka, ndipo pofika nthawi yopuma nkhani inali itazungulira sukulu yonse. A Musakhudze sanaone choseketsa. Anapukuta mabataniwo limodzilimodzi, n'kukweza makinawo pamwamba pa kabati.

M'katoni yomaliza kufika munali chinthu chomwe nkhani ino yagonapo. Chinali choimira: thabwa lalitali loyera lokhala ndi timatayala, malamba a pachifuwa, m'chiuno ndi m'mawondo, potsekera mapazi, ndi kathebulo kutsogolo. Ntchito yake n'kuimiritsa mwana amene sangaime yekha, kuti miyendo iziwongoka n'kuzolowera kunyamula thupi. Kuchipatala kunachokera mayi wa mafizo, wa ntchito yowongola ziwalo, kudzaonetsa kagwiritsidwe kake. M'chipinda monsemo wofunika choimira anali Mzime yekha.

Mayiyo anamunyamula, kumumanga malamba, n'kuyamba kuwongola mawondo pang'onopang'ono. Mawondowo anakana kaye, kenako anavomera. Mzime anaima. Chibadwire anali asanalionepo dziko ali chilili. Anaona pawindo anzake akusewera mpira, anaona pamwamba pa desiki ya bambo ake, ndipo bambowo atawerama kuti aone timatayala, mwana anakuwa:

"Ababa, pamutu panu palibe tsitsi! Amama akudziwa?"

Mayi wa mafizo anaseka mpaka misozi. Atamaliza kuseka anatembenukira kwa a Musakhudze, nkhope itasintha.

"Bambo, mwanayu aziimamo tsiku lililonse, osaphonya. Kuwongola mtengo mpoyamba. Panopa miyendoyi ikumvera. Mukaisiya yopindika idzauma choncho, ndipo sipadzapezeka woiwongola. Akamakula muzikweza apa ndi apa, koma nachonso chili ndi polekezera. Mwamva?"

"Ndamva, adokotala," anayankha a Musakhudze akugwedeza mutu. Koma maso awo sanali pa mayiyo. Anali pa thabwa la mapazi, pomwe nsapato ya Mzime inasiya kamzere kakuda, ndi pa kathebulo, pomwe panagwera kadontho ka malovu.

Mayi wa mafizo atangotuluka pageti, Madamu analowa, fungo lili patsogolo.

"Koma ndiye n'chokongola! Aphunzitsi, mumve bwino. Eni ake katunduyu akubwera mwezi wamawa kudzaona. Adzapeze zinthu zikuwala. Akadzaona zokandikakandika adzati sitisamala, basi mpopi watsekeka. Ine ndadalira inu."

Kuuza a Musakhudze zoterozo kunali kukankha galimoto yolira kale. Tsiku lomwelo anachotsa kamzere kaja ndi sopo. M'mawa mwake anabwera ndi pulasitiki yaikulu ya matiresi yomwe anasunga kuchokera kusitolo kuja, nakulunga choimiracho bwinobwino, namata ndi selotepi.

Tsiku loyamba lija Mzime anafika kunyumba nkhani ili pakamwa. "Amama, ndinaima! Ndine wamtali kuposa desiki!" M'mawa anadzuka aliyense asanadzuke, akuitanitsa yunifolomu. Koma tsiku lachiwirilo anabwerako ali duu.

"Lero unaima?" anafunsa mayi ake.

"Ababa akuti chikupuma."

Mayiwo anaika pansi diresi yomwe ankapinda. "Bambo a Mzime, chikupuma chatopa ndi chiyani?"

"Mayi, za kusukulu simungazimvetse. Alendo akubwera mwezi wamawa. Akangopita, mwana aziima mpaka atope yekha. Mwezi umodzi n'chiyani? Sunga khosi, mkanda woyera udzavala."

"Mlendo ndi mame, bambo. Abwera, ajambula, apita. Mwanayu ndi wanu."

"Nanga chikakandika ndiyankha chiyani? Mukufuna andichotse ntchito? Akandichotsa, Mzime akaphunzira kuti? Tchulani sukulu ina yomwe ingamulandire."

Mayi anatolanso diresi ija n'kupitiriza kupinda, poti funso lomalizalo linali ndi mano.

Mwezi wamawa uja unafika, alendo osafika. Akuti wamkulu wawo wadwala. Kenako akuti adikire mvula ithe. Kenako akuti ayambira dziko lina. Uthenga woti akubwera ukangomveka, sukulu yonse inkatekeseka: miphika ya maluwa kuchotsedwa pa kanjira kaja, makhoma kupakidwa, ana kuphunzitsidwa nyimbo yolandirira alendo, wosamva uja kuphunzitsidwa kuyasamula limodzi ndi anzake. Uthenga wina ukabwera, miphika inkabwerera pamalo pake. Teremu inatha, ina inalowa, chaka n'kutha.

Mkeka wa Mzime unali pafupi ndi choimiracho, ndipo ankachiona bwinobwino m'kati mwa pulasitikimo. Miyezi yoyamba ankafunsa m'mawa uliwonse.

"Ababa, lero?"

"Mawa, mwanangu."

Kenako analeka kufunsa. Mwana wa ng'ona salephera kusambira: Mzime anasanduka mlonda wa chinthu chake chomwe. Mnyamata wosakhazikika uja akayandikira, iye ndi amene ankakuwa, mawu ake enieni a bambo ake: "Musakhudze! N'cha alendo!" A Musakhudze akamva choncho ankamwetulira, n'kuuza aphunzitsi anzawo kuti mwana wawo ndi wanzeru zedi.

Mayi ake sanangokhala manja lende. Akaweruka ankamuimiritsa pakhoma, atamugwira mawondo, mpaka msana kuwawa. Koma munthu wopalasa makina tsiku lonse amafika kunyumba ali wotheratu, ndipo manja ndi awiri omwewo. Anapita kwa kalipentala wina kuti awakhomere choimira chawochawo. Kalipentalayo anali asanachionepo, ndiye anapempha kuti akaone cha kusukulucho, ayeze ndi tepi. A Musakhudze anamulandira pakhomo la chipinda, atatsekereza ndi thupi.

"Muonere pomwepo, akulu."

"Bwana, m'pulasitikimo ndiona chiyani? Tamasulani pang'ono chabe, ndione mmene anamangira m'mawondomu."

"Manja a kalipentala ndi guluu yekhayekha. Muone ndi maso."

Kalipentala anakakhoma chongoganizira, chinthu chooneka ngati bokosi la maliro loimika. Chinamutupitsa Mzime mawondo, n'kumusiyira zilonda. Chinakathera kuseri kwa nyumba, komwe nkhuku zinachipeza chabwino.

Ataona kuti kwa mwamuna kwakanika, mayiwo anavala bwino n'kupita kwa Madamu. Madamu anawalandira mu ofesi yozizira, kuwapatsa tiyi m'kapu ya maluwa, kuwatchula kuti mayi wathu. Anawamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pambali ngati munthu wachisoni.

"Mayi wathu, ine nkhawa yanu ndaimva, nanenso ndine kholo. Koma tipirire pang'ono. Alendowa akasangalala atitumizira zambiri, wopindula ndi Mzime yemweyo." Madamu anasuntha kapu pang'ono, kumwetulira kuli pomwepo. "Paja mwana wanu ndi yekhayo amene akuphunzira ulere, eti? Makolo ena amandifunsa, koma ine ndimawauza kuti ndi nkhani ya chifundo."

Mayi anamwa tiyi wotsalayo, nathokoza, natuluka. Ndipo kuchipatala, komwe ankapita ndi mwanayo mwa apo ndi apo, mayi wa mafizo uja anali atasamutsidwa. Watsopanoyo akagwira mawondo n'kufunsa ngati mwana akuimiritsidwa kusukulu, iwo ankayang'ana pansi n'kunena kuti, "Eee, nthawi zina." Akanati bwanji? Kuti choimira chilipo, koma wachikiyira ndi bambo wake womubereka? Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kungoti pano manyazi anali a akuluakulu, wofera kuuna n'kukhala mwana.

A Musakhudze nthawi imeneyi zinkawayendera. Pa msonkhano wa aphunzitsi Madamu ankawatchula ngati chitsanzo. Makolo atsopano akabwera kudzaona sukulu, ankafikitsidwa pakhomo la chipinda chachikasu chija, n'kusuzumira, n'kuona makina, mabuku ndi choimira zikunyezimira. Ankagwira pakamwa, n'kupita kukalembetsa ana awo. A Musakhudze anagula tayi, ndipo imeneyo yokha ankaivala, poti inali ya ntchito.

Asadzanamize munthu kuti sankaona. Munthu woona kafumbi pa galasi ali kutsidya la chipinda angalephere kuona miyendo ya mwana wake? M'mawa uliwonse ndi iwo amene ankamutsitsa pamsana pa mayi ake n'kumukhazika pamkeka. Ankamva kuti walemera. Ankaona kuti ngakhale atagona chagada, mawondo ankatsala ali m'mwamba ngati akadali pampando. Mtima unkagunda pang'ono, inde. Koma ankatembenuka n'kuyang'ana choimira chili mbee m'pulasitiki, mtima n'kukhala pansi. Alendo akangopita, ankadziuza choncho, tiyamba mwamphamvu.

Alendo anabweradi, chaka chachiwiri chili kumapeto. Galimoto yoyera italowa pageti, Madamu anathamanga pakhonde ndi nsapato za gogoda, akupuma mwabefu.

"Aphunzitsi, masulani zonse! Ine ndikawazungulitse kaye ku maofesi ndi ku laibulale. Ndikamadzatsegula chitsekochi, mwana akhale ataima kale, akumwetulira."

Mayi a Mzime analipo, ataitanidwa ngati kholo loti lidzathokoze. Mwanayo anali atamusokera diresi yatsopano ya buluu, yaifupi pang'ono kuti isakole m'malamba.

A Musakhudze anadula selotepi ndi lezala, pang'onopang'ono, kuti pulasitiki isang'ambike. Choimira chinatuluka choyera ngati chafika dzulo, chikununkhabe kufakitale. Mzime ankaomba m'manja.

"Lero ndi lero, amama! Muone mmene nditalikire. Ndionanso dazi la ababa."

Anamunyamula awiri, bambo m'khwapa, mayi m'miyendo. Thabwa lomwe kale linkamufika m'mapewa tsopano linalekeza pakati pa msana. A Musakhudze anakweza apa ndi apa, monga anauzidwa kalekale, mpaka zokwezera zinafika pothera. Lamba wa pachifuwa anagwera pamimba. Mapazi anakana kulowa potsekera. Koma zonsezo zinali zazing'ono. Nkhani inali m'mawondo.

"Wongola miyendo, mwanangu."

"Ndawongola, ababa."

Sanawongole kanthu. A Musakhudze anagwada, tayi ikukhudza pansi, nagwira bondo ndi manja awiri, nakankha. Linali gwa, ngati mwendo wa tebulo. Mzime analuma mlomo, misozi ili chuchuchu, koma osalira, poti anauzidwa kuti azimwetulira. Kunja kunkamveka mawu a Madamu ndi kuseka kwa alendo, akuyandikira. Thukuta linatsika pa dazi lija. Anakankhanso, ndi mphamvu zonse, ndipo mwana anakuwa mawu omwe ngakhale wosamva uja anawaona.

"Musiyeni!"

A Musakhudze anatembenuka. Zaka zonse za ukwati anali asanawamvepo akazi awo akulankhula ndi mawu amenewo.

"Mwamusunga mokwanira, bambo. Musiyeni."

Chitseko chinatseguka pang'ono, mutu wa Madamu n'kulowa. Anayang'ana mwana, anayang'ana choimira, ndipo nkhani yonse anaimvetsa nthawi yomweyo. Pa nzeru zachangu mayi ameneyu analibe mnzake.

"Sakukwana? Mayo ine! Dikirani."

Mosakhalitsa anabwerera akukoka kamnyamata ka kumkaka, kamwana ka mphunzitsi wa masamu, ka miyendo yabwinobwino, komwe m'mawa womwewo mlonda anakatsitsa pampanda. Anakapatsa switi, kukauza kuti kasalankhule, n'kukamanga malamba. Kanakwana ndendende.

"Uyu mumuike uko," anatero Madamu, akuloza ndi mlomo kuseri kwa kabati. "Mayi wathu, mukhale naye komweko, angasokoneze zithunzi."

Alendo analowa, bambo wina wa imvi ndi mayi wa kamera m'khosi. Ana anaimba, wosamva uja akuyasamula pa nthawi yake. Kamera inaphethira kumakina a osaona, kumakirayoni osongoka, ndi kwa kamnyamata ka m'choimira, komwe kankamwetulira tsaya litatupa ndi switi. Mayi wa kamera anasisita thabwa loyeralo, ndipo a Musakhudze, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, anaona munthu akukhudza chinthu iwo osatsegula pakamwa. Bambo wa imvi analankhula chilankhulo cha kwawo, Madamu akumasulira.

"Akuti ayenda masukulu ambiri. Kwina apeza zoimira zakuda, malamba othothoka, matayala otha. Koma katundu wosamalidwa chonchi sanamuonepo. Akuti tiwaombere m'manja aphunzitsi athuwa!"

Manja anaomba. Ndipo chonyansa pa zonsezi n'chakuti a Musakhudze anamva kukoma. Anawerama, kachingwe ka m'khosi kakulendewera, kumwetulira kukufika m'makutu. Moyo wawo wonse anthu ankawaseka, lero anthu ochokera kutali anena pagulu kuti iwo ndiwo ankalondola. Kuseri kwa kabati, mayi anali atakhala pansi mwana ali pamiyendo, akumusisita bondo lomwe linayamba kutupa.

Madamu anatuluka ndi alendo kupita kukadya. Kamnyamata kaja atakamasula kanalumpha, n'kuthamangira kumpira. A Musakhudze anatenga kansalu konyowa n'kuyamba kupukuta pa kathebulo, pomwe tizala ta switi tinamata, akutsonya. Kenako anatambasula pulasitiki ija pansi, akufunafuna poyambira selotepi.

Akazi awo anatuluka kuseri kwa kabati kuja. Anagwada, naponya mwanayo kumbuyo, namanga nsalu. Anali mtsikana wamkulu tsopano, wolemera, mawondo opindikawo akubaya mayi ake m'nthiti. Atafika pakhomo, Mzime anatembenuza mutu.

"Ababa."

"Ee, mwanangu."

"Sindinachidetse, eti? Ndinayesetsa kuti ndisakhudze."

A Musakhudze anatembenukira kuchoimira kuja. Kenako maso awo anatsika okha, monga anazolowera, nayendera thabwa lonse kuyambira m'malamba mpaka potsekera mapazi. Panalibe kamzere ngakhale kamodzi.

"Iyayi, mwanangu," anatero. "Sunadetse."